Bokosi la Mkungudza pa Chitakale

Chiperoni akatsika m'phiri masiku atatu osapumira
anzanga amadandaula zovala zosauma pachingwe.
Ine ndimadzuka pakati pa usiku
kukapisa dzanja m'bokosi la mkungudza
kuti ndimve ngati chinyontho chalowa.

Muli mabuku khumi ndi anayi.
Chijeremani sindichidziwa, ngakhale moni.
Zilembo zake zili ndi minga ngati waya wa kumpanda kwa esiteti.
Koma ndinakhala kalaliki wa sikelo zaka makumi atatu,
ndikuyeza tiyi wa anthu otopa,
ndipo chinthu chikagona m'dzanja langa
ndimadziwa ngati chikunama kulemera.
Awa sanama.

Loyamba ndinalilanditsa pamsika
kwa mayi Nampinga, amene ankakulungiramo zitumbuwa.
Masamba asanu ndi limodzi anapita ndi mafuta.
Ndinawapatsa mtolo wa nyuzipepala ndi ndalama ya sopo,
iwo nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato
ngati afunse kumene abale anga ali.
Ena anatsala m'sutikesi ya makaniko wa kufakitale
amene anamwalira kuno wopanda womulira.
Awiri ndinawafukula ku Limbe,
pansi pa mulu wa mabuku a masamu.

Tagwirani ili. Yambani mwapukuta m'manja.
Yendetsani chala pamzere woyamba:
zilembo zinalowa m'pepala ngati mphini,
wakhungu akhoza kuziwerenga.
Ulusi wake ukadali woyera, wolimba,
wosoka sanabe ngakhale mfundo imodzi.
Chikuto nchobiriwira ngati khungu la peyala losapsa,
ndipo likatseguka limatsokomola pang'ono
monga mlendo waulemu pakhomo.

Mtsikana wina wokwera phiri atausa mvula pakhonde panga
anandiwerengera tsamba lomalizira.
Anasindikiza mazana awiri basi, anatero,
lanuli ndi nambala 83.
Anali anthu awiri, kuseri kwa shopu ya nsapato.
Anatulutsa mabuku asanu ndi awiri, ngongole nkuwameza.
Enawa chimodzimodzi:
zaka zitatu, zaka zisanu,
ngumbi zouluka madzulo amodzi nkusiya mapiko pabwalo.
Ngakhale kwathu sawakumbuka, anatero,
nkuiwala tiyi wake mpaka kuzizira.

Felesiya mkazi wanga amati malata akudontha pamutu pathu
inu muli kalikiliki kugula ziyankhulo za akufa.
Sakunama.
Mwana wathu wa ku Joni akuti ndijambule pafoni,
kuli azungu angalipire njinga yamoto pa buku limodzi.
Ndimamuuza kuti foni yanga ili ndi ng'ala.

Chaka chatha chiswe chinapeza limodzi
limene ndinaliiwala pawindo.
Chinaboola msewu kuyambira kuchikuto mpaka kumapeto,
chinaliwerenga lonse, chimene ine sindinathe.
Sindinadye tsiku limenelo.
Felesiya sanaseke. Anabwera ndi fodya wouma
nkuyala m'makona a bokosi, osanena kanthu.

Bokosilo analikhoma mng'ono wanga Mukhito.
Anatsegula shopu ya ukalipentala pa Nkhonya,
chikwangwani chopentedwa bwino,
koma ankapala thabwa limodzi tsiku lathunthu,
kukana msomali, kufuna mano a matabwa alumane okha.
Makasitomala anapita kwa ofulumira.
Shopu inaona mvula ziwiri.
Iye ali kumanda a ku Likhubula tsopano,
ndipo mkungudza womwewo m'phirimu ukusowa.

Choncho dzuwa likabwerera pa Chambe
ndimatulutsa onse khumi ndi anayi,
ndi lobooka lomwe,
nkuwayala pamphasa, pamthunzi, kuti apume mphepo.
Ana a sukulu amaima pamsewu nkumandifunsa
kuti agogo, mukugulitsa?
Ndimati ayi, ndikuwothetsa alendo dzuwa.
Nkhuku ikayandikira ndimaiingitsa ndi chipewa.